Memori ya Amalume ndi Mbale za Obed

Lamulungu, 4 Okutobala 2009

Mbale zafika. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ndiwaone ndi maso anga papepala.

Anabwera nazo ndi ba Chalwe, amene abale a Obed awasankha kukhala mkhalapakati. Jekete yakuda, dzuwa lonseli. Mbale ziwiri zoyera zovundikirana, zomangidwa m'kansalu. Kwawo kwa Obed amatero akafuna kupempha mkazi, amati nsalamu. Agogo athu anachokera ku Dedza ndipo za mbale sankazidziwa, koma amalume Dixon anabadwira muno mu Lusaka, amazidziwa bwino. Anti Sophie, akazi awo, anandiuza kale: mbale zikamasulidwa ndiye kuti banja lavomera, zikabwerera zomanga ndiye kuti lakana.

Ine anandithamangitsira kuchipinda, koma chitseko chathu sichifika pansi. Ndinamva amalume akuti, "Tamva. Mubwele pa Sondo, tizakuyankhani." Mawu awo anali ofewa. Kenaka anayamba kuyamikira kompyuta ya kushopu kwathu, ati chiikireni Obed memori yatsopano Lachisanu lija ikuthamanga ngati minibasi ya m'mawa. Ba Chalwe anaseka.

Mbale aziika pamwamba pa kabati. Ndadutsapo kasanu madzulo ano popanda chifukwa.

Mayi akanakhala moyo bwenzi akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Amalume ndiwo andilera kuyambira ndili giredi 4. Akati inde ndi inde, akati ayi ndi ayi.

Lolemba, 5 Okutobala

Tsiku labwino. Ndasesa, ndapukuta fumbi la kuno ku Mtendere pa makina onse, ndataipa pulogalamu ya maliro a bambo wina wa kuseri kwa msika. Mayina makumi atatu ndi anayi. Lililonse ndaliwerenga katatu, chifukwa dzina la munthu likalakwika pamaliro achibale saiwala. Ndimataipa ndi zala ziwiri koma sindibwereza pepala.

Amalume akonza vidiyo ya ukwati wa ku Kalikiliki imene inkaimaima sabata yatha. Lero yatha nkhomaliro isanakwane. Kasitomala aliyense akumuuza za memori ija kuti, "Folo giga iyi, si masewela."

O., Obed wanga, watumiza uthenga pafoni: "Wadya?" Ndinaganiza nthawi yaitali choyankha. Ndayankha kuti "Inde."

Lachiwiri, 6 Okutobala

Ndilemba pang'onopang'ono.

Masana kunabwera kasitomala wa tayi yofiira, wofuna kusindikiza kalata yofunsira ntchito. Amalume anamuuza za magiga anayi monga akuuzira aliyense. Iye anati, "Folo? Tione." Anagwira mausi osapempha, kudina apa, kudina apo, ndipo panatuluka kabokosi ka zolemba. Anawerenga mokweza: 3.25 GB.

"Mudala, apa pali fili poyinti chabe. Folo ili kuti? Anakuikilani ndani?"

Amalume anati ndi munthu wodziwika, anachita kumutuma okha kukagula m'tauni.

"Bozibika ndiye bamene bamadya bantu. Masitiki yabili, ka? Imozi ni gong'a, yaboza. Bamamatika chabe ka pepala ka 2 pa kanthu kang'ono. Bakudyelani masuku pamutu, mudala."

Analipira kalata yake, napita. Masitiki amene amanena ndi memori yomweyo, tizidutswa tiwiri tobiriwira tooneka ngati zipeso. Ndinationa O. akutiika, kalikonse kali ndi kapepala kolembedwa 2GB.

Amalume anavala magalasi, anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Munthu akalibe kungena mu nyumba, ayamba kale. Nanga akangena?" Kenaka, "Asagwilenso kompyuta yanga."

Tsopano chimene sindinauze munthu. Lachisanu lija O. atamaliza kuika, sanafotokozere amalume. Munthu amene watsala pang'ono kutumiza mbale satambasula nkhani pamaso pa amene adzakhale apongozi ake. Anayang'ana pansi, nandiuza ine chapansipansi: "Ubauze kuti Windows iyi siizaonetsa folo yonse. Izaonetsa fili na ka pang'ono. Ni mwamene ilili, si vuto." Ine ndinati inde. Koma kuti ndiwauze ndinayenera kutchula dzina la Obed pamaso pa amalume, ndipo ndinachita manyazi. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake ndinati mawa. Kenaka kunabwera mbale, aliyense anali wokondwa, ndinaganiza kuti basi zapita.

Lero ndinayesa. Ndinati, "Amalume, anandiuza kuti sizidzaoneka zonse."

"Anakuuza liti? Manje manje pa foni?"

Ndinati Lachisanu. Anati, "Nanga unali kuti masiku yonse aya?" Aliyense akanamva ngati ndikubisa wakuba.

Lachitatu, 7 Okutobala

M'mawa ndimayatsa kompyuta ndine. Isanafike pa Windows pamadutsa zilembo zoyera pa mdima, mofulumira, ndipo sindinaziwerengepo chiyambire. Lero ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona nambala yoyamba ndi 4. Ndinazimitsa bwinobwino, kuyatsanso, pensulo m'manja. Katatu. Ndakopera: 4096MB OK.

Sindikudziwa tanthauzo lake, koma 4 ameneyo anandipatsa mpweya. Ndinawaonetsa amalume atafika. Anati, "Ivo anaika yeka. Munthu wa makompyuta angalembe vili vonse."

Cha m'ma 10 anatuluka panja pa shopu kukaimba foni. Amalume akamaimba foni amakweza mawu ngati munthuyo ali kutsidya kwa msewu. "Ba Chalwe? Pa Sondo mubwele mutenge mbale zanu. Mwana wanga sapita ku bakawalala." Amayi a tomato a pakhonde lathu anasiya kuwaza madzi pa ndiwo. Ine ndinali pa fotokope, ndinakopera tsamba limodzi kawiri.

Uthenga wa O.: "Sininabe, Magi. Ni 32 bit. Ningabwele nibaonetse?" Ndinayankha kuti amalume akana. 32 bit n'chiyani? Sindinafunse, ndinachita manyazi.

Choipa kwambiri ndilembe pano, chifukwa palibe amene awerenge. Masana, kwa kanthawi, ndinaganiza kuti: nanga ngati ndi zoona? Nanga ngati anandiuza mawu aja Lachisanu kuti akonzeretu njira? Ndinakumbukira nsapato zake zatsopano. Zaka ziwiri ndikumudziwa kukwaya, sanandinamizepo, koma ndinaganiza za nsapato. Ambuye mundikhululukire.

Anti anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuchapa nsalu imene inali yochapa kale. Anati, "Kulila sikuzasegula mbale. Peza munthu oziba ivi vinthu, koma osati wa ku banja kwa ba Obed." Ndaganiza za Exildah, amene timaimba naye alto. Amaphunzitsa pa sukulu ya makompyuta ku Kalingalinga.

Mbale zidakali pamwamba pa kabati. Anti aziphimba ndi kansalu kena kuti zisalowe fumbi. Amalume anaona, anangodutsa.

Lachinayi, 8 Okutobala

Lero ndadya. Kuyambira Lachiwiri sindinkadya bwino.

Anti anandituma kwa telala ku Kalingalinga kukatenga diresi lawo. Diresi linalikodi, sitinaname. Nditatenga ndinapita kwa Exildah, ndinamupeza pa nthawi yopuma. Ndinamupatsa kapepala kanga ka manambala awiri, 3.25 ndi 4096, ndipo ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana mapazi ake.

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Iwe Magdalene! Chikwati chifuna kufa chifukwa cha ichi? 4096 ni folo giga yamene iyo. Mashini yeka yaiona yonse. Ni Windows yamene siikwanisa."

Ndinati sindinamve. Anandikhazika pansi.

"Kwanu ku Mtendere, manyumba yonse yali na nambala?"

Ndinati ayi, za kumbuyo zambiri zilibe.

"Koma bantu bagonamo?"

Ndinati amagonamo.

"Ni chimozimozi. Windows ya 32 ili na manambala yofika pa folo giga chabe, siipitilila. Pa manambala yamene ayo, yenangu yapita kale ku khadi ya vithunzi na tuvinthu twina twa mukati, chifukwa natwo tufuna kupezeka. Yosala ndiye yapasiwa ku memori. Ndiye fili poyinti yako iyo. Memori inangu iliko, ni yabwino, koma ilibe nambala, so Windows siingaitume nchito. Ya 64 ili na manambala yambili, iona yonse."

Kenaka ananditengera mu ofesi ya abwana ake, amene kunalibe. Anatsegula kabokosi komwe kaja pa kompyuta yawo. Anati mmenemo muli magiga anayi, anaika ndi manja ake. Panalembedwa 3.50 GB. Anati zimasiyana malinga ndi zimene zili m'kati mwa makina, ena 3.25, ena 3.50, ena 3 basi.

Ndinakhala pa mpando wa abwana osapempha. O. sananame. Ndinalira pang'ono, Exildah anayang'ana pazenera mpaka nditamaliza.

Koma anandichenjeza. Ati nthawi zina nambala imachepa pa zifukwa zina: sitiki sinakhale bwino m'malo mwake, kapena m'malomo muli fumbi, kapena ndi yakufadi, kapena makina ndi akale sangalandire yochuluka. "So usakhulupilile ine, olo Obed wako. Yesa. Chosa imozi, yasha, ona nambala. Bweza, chosa inzake, ona futi. Ngati iliyonse yaonetsa tu payeka, gong'a ili kuti?"

Ndinamupempha kuti abwere adzachite iye. Anati mawa ali ndi mayeso a ophunzira tsiku lonse, Loweruka ali ku Kafue ku ukwati. Ndiponso, ati, amalume adzati ndabweretsa mnzanga wa kukwaya. "Chita weka. Manja uli nayo."

Ine? Kutsegula kompyuta imene imatidyetsa tonse?

Anatulutsa kompyuta yakufa pansi pa tebulo. Wandiphunzitsa, ndipo ndalemba motsatana: zimitsa, zula chingwe kukhoma, gwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, kankhira kunja timapini tiwiri toyera, gwira sitiki m'mbali osati pa golide, yang'ana kampata kuti kalunjike, kanikiza mpaka timapini titseke tokha. Ndachotsa ndi kubwezera kakhumi ndi kamodzi. Exildah ati, "Ugwila monga ni dzila. Kankha, siizalila!"

Diresi la anti lafika lokwinyika chifukwa ndinalikumbatira njira yonse.

Lachisanu, 9 Okutobala

Zatheka. Zatheka. Ndilemba zonse kuti ndisadzaiwale.

Mawu onena kwa amalume ndinawalemba papepala m'mawa, ndinawabwereza ndikusesa. Anti anabwera kushopu ndi tiyi m'fulasiki, chinthu chimene sachita. Makasitomala asanayambe kufika ndinagwada pafupi ndi mpando wa amalume. Pepala ndinaliiwala m'thumba, mawu anatuluka ena.

Ndinati, "Amalume, cholakwa ndi changa. Ba Obed anandituma mawu kwa inu Lachisanu lapita lija, ine ndinachita manyazi kutchula dzina lawo pamaso panu. Ndikupempha mundilole nditsegule kompyuta, tiyese sitiki iliyonse payokha. Inu muziwerenga nambala nokha."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe? Unaphunzila kuti?"

Ndinati dzulo.

"Dzulo! Nanga ukaononga? Vidiyo ya bantu ili mukati umo."

Ndinati ndikaononga, kapena imodzi ikapezeka yabodza, mbale zibwerere ndipo sindidzanenanso kanthu. Sindikudziwa mawu amenewa anachokera kuti.

Anti anathira tiyi, nati, "Mulekeni ayese, ba Dixon. Uyu mwana anaphwanyapo kapu mu nyumba mwanu?" Amalume anaganiza. Anatsegula dirowa, nandipatsa sikuludiraiva.

Ndinatsata pepala langa mzere ndi mzere. M'kati munali fumbi lofiira pa fani koma sindinalikhudze. Ndinachotsa sitiki yakumanja, ndinaiika pa pepala loyera. Kulumikiza chingwe, kuyatsa. Windows inachedwa ngati ikuchokera ku Chipata wapansi. Ndinatsegula kabokosi, ndinasuntha kuti amalume aone.

"Tu poyinti zilo zilo," anawerenga. "Eya. Iyi ndiye yazoona. Gong'a ni iyo ili pa pepala."

Ndinazimitsa, kuzula chingwe, kugwira chitsulo. Ndinachotsa yoyambayo, ndinaika inzake m'malo omwewo. Kuyatsa.

Mdima. Ndipo kompyuta inayamba kulira, piii, piii, piii, kulira kumene sindinakumvepo.

Amalume anaimirira. "Waona! Waona! Olo waononga, olo ni gong'a!" Anti anaika kapu pansi. Mmodzi wa amayi a tomato anasuzumira pakhomo. Ine m'maganizo ndinaona mbale zikutsika pa kabati, ba Chalwe akuzinyamula zomanga, O. akusamukira kwaya ina.

Koma manja anga anapita okha kukazimitsa ndi kuzula chingwe. Ndinati, "Dikirani pang'ono, amalume." Ndinaweramira m'bokosi ndi tochi ya pafoni. Kapini kamodzi koyera kanali kotseka, kena kanali kotsegula pang'ono, pang'ono zedi, mpata wolowa chikhadabo. Sitiki inali itapendekeka. Ndinaopa kuithyola, ndiye sindinakanikize mokwanira.

Ndinaika zala zazikulu ziwiri, uku ndi uku. Ndinatseka maso, ndinakanikiza ndi mphamvu imene ndimafinyira bulangete. Tcha!

Kuyatsa. Kulira kumodzi kwakufupi, kwa masiku onse. Zilembo zoyera. Windows. Kabokosi.

Sindinayang'ane, ndinayang'ana nkhope ya amalume. Anayandikira, anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, kuvalanso.

"Tu poyinti zilo zilo."

Anti anati, "Bwelezani, sininamve."

"Nati tu, Sophie."

Anandiuza kuti ndibwezere onse awiri. Ndinabwezera, tcha, tcha. Kabokosi: 3.25 GB. Amalume anakhala pansi. Anatenga bolopeni, nalemba pa chikuto cha nyuzipepala 2 + 2, anayang'ana sikirini, anayang'ana nyuzipepala.

"Iyi tu, iyi tu. Pamozi fili poyinti. Manje kawalala nindani apa?"

Ndinawafotokozera za manambala a nyumba monga anandiuzira Exildah. Sindinadumphe kalikonse. Ndinanena za khadi ya zithunzi, ndinanena za 32 ndi 64. Amalume ali ndi zipinda ziwiri kumbuyo kwa nyumba yathu zimene kalata siifikako, choncho anamva msanga. Anati, "So memori iliko, koma Windows siiziba pakhomo."

Ndinati ndi choncho.

Kenaka anati, "Ka tayi kofiila kaja." Anti anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Za mbale sindinafunse. Ndinatseka bokosi, masikulu anayi onse, ndinabweza sikuludiraiva. Ndinapita kumpopi kuseri kwa msika, ndinasamba kumaso nthawi yaitali. Pobwera ndinagula zitumbuwa zitatu, ndinadya zonse ndili chiimire, pamaso pa anthu, ine.

Kwa O. ndalemba: "Onse awiri ndi 2. Amalume aona okha." Wayankha: "Wasegula WEKA??" Kenaka uthenga wina: "Magi." Basi, dzina lokha. Ndauwerenga kambirimbiri.

Loweruka, 10 Okutobala

Ndagona ngati mwana. Anti anachita kundigwedeza.

Amalume anali atadzuka kale. Anapukuta nsapato zawo za kutchalitchi, ngakhale lero si Lamulungu. Anatenga foni, anaiyang'ana, anaibweza m'thumba. Anti anali kusita, nati osatembenuka, "Mau yamene munakamba Chitatu siyabwezewa pa foni. Munakamba pa msika, bantu bonse banamva."

"Niziba, Sophie."

"Ati bakawalala. Banja yonse ya bene."

"Nati niziba!"

Anazungulira nyumba kawiri. Kenaka ndinamva nkhuku zikuthawa kuseri. Amalume Dixon, ndi nsapato zopukuta, akuthamangitsa tambala wawo wamkulu uja amene ankasungira Khirisimasi. Ine ndi anti tinaonerera pazenera, pakamwa titatseka ndi nsalu. Anamugwira pafupi ndi chimbudzi. Anamumanga miyendo, namuika m'thumba la saka mutu uli kunja, ulendo kokwerera minibasi. Ba Chalwe amakhala ku Chawama, ndiye kuti minibasi ziwiri ndi tambala pamiyendo.

Shopu ndinatsegula ndekha. Mmodzi wa amayi a tomato anandiitana: "Iwe mwana, tamva ati unasegula mashini monga dokotala." Ndinangomwetulira. Wina anati, "Nanga chikwati?" Ndinathawira m'kati.

Amalume abwera dzuwa likupendeka, opanda tambala, malaya ali ndi nthenga. Anamwa madzi makapu awiri. Anauza anti, ine ndili pomwepo, kuti ba Chalwe anawasiya panja kanthawi asanawapatse mpando, ndipo anayenera kutero. Kenaka anatembenukira kwa ine: "Mawa upyange bwino pakhomo. Ukabweleke mipando inai kwa ba neba."

Ndinati inde amalume. Ndili pakhomo anawonjeza, osandiyang'ana, "Ndipo munthu akakutuma mau, uzifikisa."

Ndinati inde amalume.

Chinthu chimodzi chikundivutabe, za nsapato za O. zija. Ndaganiza kuti tsiku lina ndidzamuuza O. kuti ndinamukayikira masana amodzi. Osati tsopano.

Lamulungu, 11 Okutobala

Zamasulidwa. Anti analuluta mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Ine ndinali kuseri kwa chitseko chosafika pansi chija, nditakhala pa simenti, ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Lolemba, 12 Okutobala

Ntchito yambiri, makadi a ubatizo. Amalume tsopano akuuza makasitomala kuti, "Ni folo giga, koma Windows iona fili poyinti chifukwa ni 32." Amanena ngati akhala akudziwa chibadwire. Munthu wina anafunsa kuti 32 n'chiyani, iwo anati, "Magdalene, bafotokozele." Ndinafotokoza. Sindinafe.

Madzulo anati, "Ninagula folo, nifuna folo yonse isebenze." Anandiuza kuti nditumize uthenga wofunsa za Windows ya 64. O. wayankha kuti abwera mawa, koma ayenera kuona kaye ngati pulinta yathu yakale ndi sikana zingagwire ntchito ndi 64, chifukwa zina zimakana, ndipo zikakana ndi bwino kusiya momwe zilili. Ndawawerengera amalume uthenga wonse, mawu ndi mawu, nthawi yomweyo.

Lachiwiri, 13 Okutobala

O. anafika cha m'ma 9, malaya oyera, chikwama cha zida paphewa. Ndinamuona ali patali, pa ngodya ya ogulitsa makala. Atafika pakhonde anaima. Sanalowe. Anavula kapusi, nayang'ana pansi. Amayi a tomato onse maso pa iye.

Amalume anali pa mpando wawo, kutsogolo kwa kompyuta. Pa mpando umenewo sipakhala munthu wina, ngakhale anti. Anamuona. Ndinadikira kuti amuitane, kapena anene za Lachitatu lija. Sanatero. Anaimirira msangamsanga, kufunafuna chipewa chawo chimene chinali kale kumutu.

"Magdalene, napita kugula mapepala."

Mapepala tili nawo mabokosi awiri. Anatsegula kafiriji, anatulutsa botolo la chakumwa chozizira, analiika patebulo pafupi ndi kiyibodi. Anakokera mpando wawo kumbuyo, naupukuta ndi dzanja.

"Ubauze apongozi bangene. Bankhale apa."

Anatulukira khomo lakumbuyo, lodzera ku ngalande, kuti asakumane pakhomo, monga amachitira apongozi polemekezana.

Ndinaima pakati pa shopu. O. adakali panja, kapusi m'manja, akundifunsa ndi maso. Mmodzi wa amayi a tomato anati, "Iwe, bapongozi bazapsa na zuba!"

Ndinapita pakhomo.